Dongo, mapesi ndi waya: kutuluka panja ndi ana aang'ono popanda ndalama

Tikamva zoti bambo azipeza nthawi yocheza ndi ana, ambirife maganizo amathamangira ku ndalama: ulendo wa kunyanja, tchipisi ndi nkhuku m'tauni, zidole za m'sitolo. Poti mwezi uli pakati, timangoti "tidzaona", basi Loweruka n'kudutsa ife tili pa wailesi kumvera mpira, ana akulimbirana foni ya mayi awo. Malangizo awa ndalembera bambo amene m'thumba mwake mulibe kanthu, koma ali ndi maola awiri kapena atatu, ndiponso ana a zaka zapakati pa 3 ndi 8, aamuna ndi aakazi omwe. Zofunika zonse zimapezeka kudambo, kumunda ndi pa mulu wa zinthu zakutha kuseri kwa nyumba.

Ndineneretu chinthu chimodzi, chifukwa n'chimene chimativuta abambofe. Chimene mukupangacho ndi cha mwana, si chanu. Ntchito yanu ndi kugwira mpeni, kudula waya, kuyang'ana njoka ndi kusonyeza kamodzi. Zotsalazo musiyireni mwini wake, ngakhale manja akuyabweni bwanji. Mwana amasamala kwambiri ng'ombe yopindika miyendo imene waumba yekha kuposa yokongola imene bambo amuumbira iye atangokhala pambali n'kumaonerera.

Musananyamuke

Auzeni anawo usiku wake kuti mawa tikupita kwakuti, ndipo mukanena muchitedi. Auzeninso mayi awo kumene mukulowera ndi nthawi imene mubwere. Tsiku limeneli mayiwo apumedi, osati inu kutuluka ndi ana koma kuwasiyira ntchito yolongedza, yosambitsa ndi yochapa zonse zimene mwadetsa.

Nyamukani m'mawa ana atadya phala. Mu Okutobala ndi Novembala, ikamakwana 10 koloko mukhale mutabwerera pamthunzi. Mu Juni ndi Julayi dikirani kadzuwa katuluke, ndipo majuzi asatsale. Kutalika kwa ulendo muyeze ndi miyendo ya wamng'ono pa onse. Wa zaka 3 theka la kilomita lamukwanira, ndipo pobwerera adzakhala pamapewa panu, inu mutanyamulanso dongo. Muwerengeretu zimenezo.

M'chikwama muikemo botolo la madzi akumwa ochokera kunyumba, mbatata yophika kapena nthochi, kasopo ndi kansalu koyera. Kakhasu kakhale m'manja, mpeni m'thumba mwanu osati mwa mwana. Mwana aliyense akhale ndi kathumba kakekake kotoleramo zimene wapeza, chifukwa thumba limodzi la onse ndi chiyambi cha ndewu. Nsapato zotseka ndiye zabwino, koma ngati palibe, mapatapata aposa kuponda pansi. Foni mutenge kuti ithandize pakagwa vuto, koma ikhale m'thumba. Ana amadziwa msanga ngati maso a bambo ali pa iwo kapena pa WhatsApp.

Mukangotuluka pakhomo muona kuti ana a anansi akukutsatani. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma musawatenge makolo awo asakudziwa, ndipo musapitirire chiwerengero chimene maso anu angakwanitse. Kwa ine, bambo mmodzi ndi ana aang'ono anayi, pamenepo ndiye pamalire.

Panjira

Njira ikakhala ya udzu, inu tsogolani ndi ndodo. Pakakhala poyera, atsogole ndi ana. Musathamangire kukafika. Mwana akaima kuti aone bongololo akudzikulunga, kapena mzere wa linthumbu ukudutsa njira, imani naye, njutani, mumufunse chimene akuona musanamuuze dzina lake.

Mukakumana ndi nanzikambe musafulumire kudutsa. Ambiri tinakula tikumuopa, koma alibe ululu. Muuzeni mwana ayang'anitsitse maso ake: lina layang'ana kutsogolo, lina kumbuyo, lililonse likuyenda palokha. Aone mmene phazi limagwirira kanthambi, zala ziwiri mbali iyi, zitatu mbali inayo, ndi mmene amagwedezekera kutsogolo ndi kumbuyo asanaponde. Osamugwira, osamugenda. Mwana amene wamuonera pafupi chonchi sathamangiranso mwala akadzakumana naye yekha.

Mitengo musaphunzitse yambiri nthawi imodzi, umodzi kapena iwiri pa ulendo yakwana. Nsangu ndi wabwino kuyambira, chifukwa uli ndi khalidwe losiyana ndi inzake: umayoyola masamba m'dzinja pamene ina yonse yabiriwira, n'kuphuka m'chilimwe, n'chifukwa chake chimanga chimachita bwino pansi pake. Sankhani mtengo umodzi woti muziudutsa nthawi zonse, ana aziona okha mmene ukusinthira. Kumapiri ndi msuku, umene zipatso zake zimapsa cha mu Novembala ndi Disembala. Kumadera otentha ngati Salima, Mangochi ndi Chikwawa ndi mlambe. Pafupi ndi madzi fufuzani zisa za atchete zolendewera kunsonga za nthambi, muwauze ana kuti woluka ndi tchete wamphongo. Mukachita mwayi muonanso chisa chachikulu cha nantchengwa pamphanda ya mtengo.

Dzina la mtengo kapena la mbalame likakusowani, musapeke. Funsani agogo amene mwakumana nawo panjira. Ana aone bambo awo akupereka moni mwaulemu, akufunsa, n'kuthokoza. Aonenso kuti simudutsa pakati pa dimba la eni, simuthyola mango kapena nzimbe musanapemphe, ndipo simulowa m'nkhalango ya kumanda. M'madera a Achewa kumeneko n'kumene kumakhalanso dambwe la Gule Wamkulu, si malo olowamo wamba.

Zimene zingapweteke ana

Apa ndichedwapo pang'ono, chifukwa bambo akabwera ndi mwana wovulala, ulendo wachiwiri sudzalolekanso.

Madzi odikha a m'maiwe, m'madambo ndi m'mabango mumakhala nkhono zimene zimasunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboti timalowera pakhungu, mwana sachita kumwa madziwo ayi. Choncho mbululu ndi nkhanu azionera kumtunda, osaponda m'madzi. Mukadzaona magazi mu mkodzo wa mwana, pitani naye kuchipatala, mankhwala ake alipo. M'dzinja musasewere m'khwawa kapena pa mchenga wa mumtsinje, chifukwa mvula ikagwa kumapiri madzi amafika mwadzidzidzi kwanu kuli dzuwa. Ku Shire ndi m'mitsinje yothira m'nyanja funsani eni dera za ng'ona musanayandikire gombe. M'tauni, timitsinje tambiri timanyamula zonyansa za m'zimbudzi ndi zinyalala, ndiye kumeneko ana asagwire madzi n'komwe.

Njoka zambiri zimathawa zikamva mapazi, koma mphiri imangokhala phee panjira, ndipo mtundu wake umafanana ndi masamba ouma. N'chifukwa chake ndodo ndi maso anu ziyenera kutsogola. Ana asapise dzanja m'una, m'phanga la mtengo kapena pansi pa mwala. Wina akalumidwa, musatemere, musayamwe, musamange mwendo mothinitsa. Mugoneke asayende, mumunyamule, muthamangire kuchipatala.

Asonyezeni chitedze kuti achidziwe ali patali, makamaka nthawi yokolola pamene nyemba zake zauma. Utomoni woyera wa nkhadze ukalowa m'maso umawononga, ndipo zikachitika tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, kenako kuchipatala. Njere za nsatsi ndi zokongola, ana amakonda kuzitola, koma ndi poizoni. Lamulo likhale limodzi losavuta kukumbuka: palibe cholowa m'kamwa adadi asanachione. Bowa ndiye osayerekeza, pokhapokha pali munthu wamkulu amene amamudziwadi. Kukayamba kugunda, bwererani, ndipo musabisale pansi pa mtengo umene waima wokha poyera.

Mukafika kunyumba, asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya. Powasambitsa yang'anani nkhupakupa kuseri kwa makutu, m'khwapa ndi m'mphechepeche, ndi minga kumapazi.

Ng'ombe za dongo

Iyi ndiye ntchito yoyambira, chifukwa ngakhale wa zaka 3 amaitha, ndipo palibe chakuthwa.

Choyamba, kupeza dongo. Funsani kumene amayi oumba mbiya amatapa lawo, ndipo mupemphe musanakumbe pamtapo wawo. Kukakhala kulibe oumba, yang'anani m'mphepete mwa dambo kapena pamene anthu anaumba njerwa. Palani dothi lapamwamba la mizu ndi zinyalala, mukumbe lapansi lomata. Kumbani pouma kapena ponyowa chabe, osati m'madzi. Dothi la pachulu nalonso limaumbika, koma samalani ndi mauna ake, njoka zimakonda kubisalamo.

Chachiwiri, kuliyesa, ndipo ayese ndi mwana. Anyowetse kachidutswa, akapote pakati pa zikhatho mpaka katalike ngati kachingwe konenepa ngati pensulo, kenako akakulunge pa chala. Kakathyoka, mchenga wachuluka, kumbani pena. Kakazungulira chala osathyoka, dongolo ndi labwino. Makande akuda a kudambo amamata kwambiri koma amang'aluka akamauma, choncho sakanizanimo kamchenga kosalala pang'ono.

Chachitatu, kukanda. Khalani pansi pa mtengo, aliyense ndi mbulumwa yake pa thabwa kapena pa tsamba la nthochi. Chotsani timiyala ndi timizu tonse, chifukwa pamene patsala kamwala m'pamene ng'ombe idzang'alukire. Madzi muzithira ndi zala, dontho ndi dontho. Dongo likafika poti silikumata m'manja koma likufewa mukalisindikiza, lapsa. Ana aang'ono ena amathera pomwepa, kumangokanda ndi kumenya mbulumwayo osaumba kanthu. Asiyeni, tsiku lawo lakwana.

Chachinayi, kuumba. Tengani mbulumwa yokwana m'chikhatho cha mwana, muipange ngati dzira lalitali. Chinsinsi chake n'chakuti ziwalo zonse zituluke m'mbulumwa yomweyo, osati kuumba padera n'kumata. Tsinani pansi kanayi kuti mutulutse miyendo, ikhale yaifupi ndi yonenepa. Kokani kutsogolo kuti patuluke khosi ndi mutu, mutsine nyanga ziwiri, kenako mukweze linunda pamwamba pa mapewa monga zilili ng'ombe zathu za kumudzi. Inu umbani yanu pambali, pang'onopang'ono, mwana akuona. Yake musaigwire. Akakupatsani kuti "adadi ndikonzereni", mufunseni kuti ndi pati pamene pakumuvuta, mumusonyeze pa yanu, mumubwezere yake. Ikatuluka ya miyendo itatu kapena yooneka ngati galu, mufunseni dzina lake basi. Ngati chiwalo chathothoka ndipo n'kofunika kumata, kandani mbali zonse ziwiri ndi kamtengo, munyowetse, mukanikize, n'kusalaza polumikizirapo ndi chala.

Maso abooleni ndi kaudzu. Mchira ungakhale kachingwe ka khonje kolowetsa dongo likadali lofewa. Atsikana asauzidwe kuti iwo aumbe timiphika tokha, anyamata ng'ombe zokha. Aliyense aumbe chimene chili kumtima kwake, ndipo agogo aakazi akakhala pafupi aitaneni, kuumba amakudziwa kuposa ife.

Chachisanu, kuumitsa, pamene pamagona vuto lenileni, poti ana safuna kudikira. Ikani pamthunzi, pamalo podutsa mphepo, pomwe nkhuku ndi ang'onoang'ono okwawa safika. Padzuwa kunja kumauma msanga m'kati mukadali monyowa, ndiye zimang'aluka. Tsiku lotsatira, dongo litalimba koma lisanaumitsitse, mwana akhule ng'ombe yake ndi kamwala kosalala kapena kumsana kwa supuni, ione kuwala. Kenako idikire masiku atatu kapena kuposerapo. Poyesa, igunditseni patsaya: ikamazizira ndiye kuti m'kati mukadali madzi.

Kuwotcha sikokakamiza, koma kumalimbitsa. Iyi ndi ntchito ya bambo, ana aonerere ali patali. Yambani mwaziika pambali pa moto kuti zitenthe pang'onopang'ono, muzizitembenuza, kenako muzikwirire m'makala a moto zigone momwemo mpaka m'mawa. Yosauma bwino imaphulika, chifukwa madzi a m'kati amasanduka nthunzi n'kusowa potulukira, ndipo tizidutswa take timatha kuthothokera m'maso. M'mawa phulusa litazizira, afukule okha. Zambiri zimatuluka zitasintha mtundu, zofiirira ndi mawanga akuda, ndipo mukazigogoda ndi chikhadabo zimalira mosiyana ndi poyamba. Wofuna mawanga ena apake katondo wosungunula m'madzi, makala osinja, kapena phulusa loyera.

Dongo lotsala likulungeni m'jumbo, liikeni pamthunzi. Likhala lofewa mpaka ulendo wina.

Khola ndi ngolo za mapesi

Ng'ombe zikakhalapo, ana okha adzafunsa za khola. Kuyambira Epulo mpaka Juni mapesi ali mbwee m'minda. Sankhani ouma bwino. Phesi lili ndi zinthu ziwiri zothandiza: khungu lolimba lakunja, limene mukalisenda limatuluka timizere, ndi mtima wake wofewa wam'kati. Timizereto timalowa mu mtimawo popanda guluu kapena msomali, ndipo ntchito yonse yagona pamenepo. Kusenda ndi kwa bambo, chifukwa khungu la phesi limacheka chala ngati lezala. Inu sendani, mudule mtimawo m'zidutswa zotalika ngati chala, ana azilumikiza.

Khola ndi zidutswa zoimika mozungulira, zolumikizidwa ndi timizere tiwiri. Ngolo ndi zidutswa zinayi kapena zisanu zogundanitsa, zobayidwa ndi timizere kuti zigwirane, mateyala ake zitsekerero za mabotolo. Goli ndi kamzere kamodzi kodutsa pa makosi a nkhunzi ziwiri. Magalasi a m'maso a mapesi, aja tinkavala tonsefe, ndi timizere tiwiri topinda mozungulira tobaya m'kachidutswa ka pamphuno, koma kwa aang'ono kwambiri ndi bwino kuwasiya, nsonga zake zimayandikira diso.

Kaiti ya mu Ogasiti

Mphepo ikayamba kukuntha mu Ogasiti ndi Seputembala, minda ili poyera, ndi nthawi ya kaiti. Pezani tsekera ziwiri zouma zowongoka, kapena timizere topepuka ta nsungwi. Imodzi ikhale masentimita 50, inayo 40. Pingasitsani yaifupiyo pa yaitaliyo, masentimita 12 kuchokera kumwamba, mumange ndi ulusi molimba. Onetsetsani kuti mbali ya kumanja ndi ya kumanzere n'zofanana, chifukwa kaiti yolemera mbali imodzi siikwera. Mwana ayese poiika pansonga ya chala.

Ng'ambani jumbo ikhale yotambasuka, mugonekepo mtandawo. Mwana alembe mizere yolumikiza nsonga zinayi, inu mudule kunja pang'ono kwa mizereyo. Mangani ngodya iliyonse ya pulasitiki kunsonga ya tsekera, ikhale yokungika koma osang'ambika. Kenako tengani ulusi wa masentimita 70, mumange nsonga ina kumutu kwa kaiti, ina kumunsi, kumbali kumene kuli pulasitiki osati kumene kuli timitengo. Ulusi wautali woulutsira umangidwe pa ulusi umenewu, pamwamba pang'ono pa pamene timitengo tapingasana. Mchira ukhale wa mamita awiri kapena atatu, wa timizere ta jumbo tolumikiza, ndipo kulumikizako ndi ntchito yabwino ya wamng'ono. Ulusi mungausomole ku thumba lakutha la ufa n'kuulumikiza, muukulunge pa chitsononkho kapena pa kamtengo. Usakulungidwe pa chala cha mwana, umacheka.

Poulutsa, mwana agwire ulusi mphepo ili kumsana kwake. Inu mutenge kaiti, muyende mapazi 20 kumene mphepo ikulowera, muikweze m'mwamba, mudikire mphepo ikoke, n'kuitaya. Ikamazungulira n'kugwa chamutu, onjezerani mchira. Ikamakana kukwera, mchira walemera kapena mfundo imene mwamangira ulusi woulutsira ili m'munsi kwambiri, ikwezeni pang'ono. Musakonze mwakachetechete. Nenani mokweza chimene mukuganiza kuti chavuta, mumufunse mwana maganizo ake, muyese ake poyamba.

Sankhani bwalo la mpira kapena munda wokolola kale, kutali ndi msewu ndi mawaya a magetsi. Kaiti ikakodwa pa mawayawo, yatayika basi. Osakwera, osaitokosa ndi mtengo, ndipo anawo amve zimenezi kuchokera pakamwa panu musanayambe n'komwe.

Galimoto ya waya

Iyi ndi ya ana a zaka 6 kupita m'tsogolo, ndipo siitha tsiku limodzi. Wamng'ono amene akulirira yake mupangireni naye lole ya paketi ya mkaka kapena ya maheu yotsuka bwino: timitengo tiwiri tobaya m'munsi, zitsekerero zinayi, ndi chingwe chokokera.

Yambani ndi ulendo wofuna zipangizo, ana ali nanu. Pakufunika waya wokhuthala wa thupi la galimoto ndi chiwongolero, ndi wina wopyapyala wofewa womangira. Mahang'ala akale amathandiza, zotsala za amisiri omanga nyumba nazonso. Kwa okonza njinga pemphani masipoko akutha ndi tchubu chophulika choti mudule malegeni. Onjezani mapatapata akutha ndi mabolopeni awiri otha inki. Pemphani kapena gulani ana akuona. Waya wa pampanda wa munthu kapena wa magetsi asalowe m'nkhaniyi, ndipo mwana akabwera ndi waya wabwino kwambiri mufunseni kumene wautenga.

Wongolani wayawo pa thabwa ndi hamala. Kenako mwana ajambule pansi galimoto imene akufuna, kaya ndi minibasi, lole, kapena thirakitala. Mapulani ndi amenewo, muwatsate ngakhale inu mumafuna zina.

Maziko apangeni popinda waya wokhuthala mozungulira njerwa, kuti ngodya zinayi zituluke zofanana. Nsonga ziwirizo zipitirirane pang'ono, mwana azikulunge ndi malegeni mokoka. Kukulunga kumeneku ndiye luso lalikulu la galimoto ya waya, ndipo manja aang'ono amakuphunzira msanga: kukoka, kuzunguliza, kupanikiza ndi chala chachikulu, n'kulowetsa nsonga pansi pa mkombero womaliza. Pindani mbali ziwiri za thupi nthawi imodzi, mawaya awiri mutawagwira pamodzi, kuti zifanane. Zimangeni pa maziko, muzilumikize pamwamba ndi timawaya topingasa titatu kapena tinayi.

Mateyala: mwana aike kapu pa patapata n'kulemba mozungulira, inu mudule ndi mpeni. Kuti mupeze pakati penipeni, dulani pepala lozungulira lofanana ndi teyalalo, mwana alipinde pakati kawiri. Pamene mizere yakumana m'pamene muboole ndi msomali. Teyala loboola pambali limayendetsa galimoto motsimphina.

Kumbuyo n'kosavuta. Mangani chubu cha bolopeni pansi pa maziko mopingasa, mulowetse sipoko m'kati mwake, muike mateyala mbali zonse, mupinde nsonga. Sipokoyo izizungulira momasuka m'chubumo.

Kutsogolo n'kumene kumafuna kudekha. Chubu cha kutsogolo musachimangirire ku maziko. Ikani timawaya tiwiri topingasa kutsogolo kwa galimoto, kena m'munsi kena m'mwamba, kalikonse kali ndi kamphete pakati. Lowetsani kawaya kolimba koimirira m'timphete tiwirito. Nsonga yake ya m'munsi igwire chubu cha bolopeni pakati penipeni, ya m'mwamba muipinde ikhale kambedza. Mukapotoza kawayaka, mateyala onse awiri akhote. Sipoko ya kutsogolo italike kuposa thupi la galimoto, kuti mateyala asakhule m'mbali pokhota. Tsopano tengani waya wautali wokhuthala, wofika pamchombo pa mwana galimoto ili patsogolo pake. Kumwamba upindeni mozungulira chitini kuti pakhale chiwongolero, kumunsi mupange kambedza, mukoleke pa kambedza kaja, mukulunge ndi malegeni molimba. Mphirayo imalola chiwongolero kupendekera kwa mwana, koma akachipotoza mateyala amamvera. Waya wautaliwo ukamagwedera, umangirireni ku bango kapena kansungwi.

Musanapereke galimoto, yendetsani chala paliponse, nsonga iliyonse yakuthwa muipinde kapena muikulunge. Mwana akabayidwa ndi waya, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo likakhala lakuya pitani kuchipatala chifukwa cha kafumbata. Zokongoletsa musiyireni yekha: magetsi a zitsekerero, nambala ya pa katoni, mipando ya mapesi, ng'ombe zija ngati katundu.

Tsiku lomwelo teyala lithothoka. Musailande kuti mukonze. Funsani kuti, "Amakaniko, chavuta n'chiyani?" Mupatseni malegeni, inu mugwire galimoto iye akukonza. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anali ndi zaka 14 pamene anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa, njinga yakale ndi mitengo ya bulugamu. Sindikunena kuti mwana aliyense wa galimoto ya waya adzafika pamenepo, koma chizolowezi choyang'ana chinthu chofa n'kufunsa kuti chingagwire ntchito yanji chimayambira pa zinthu zazing'ono ngati teyala limeneli.

Za legeni, poti malegeni ali pafupi ndipo adzafunsa: kwa ana a msinkhu uwu ine ndimakana. Diso silibwerera. Akakula pang'ono, azigenda zitini inu muli pomwepo, osati mbalame zimene mwakhala mukuwaphunzitsa maina.

Mvula ikagwa, ndi miyendo ikalimba

Dzinja lili ndi zake. Madzulo a mvula zoyamba ngumbi zimatuluka, ndipo beseni la madzi pansi pa nyali limasonkhanitsa banja lonse. Nyengo yodzala mitengo m'Malawi imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Mwana aliyense afese njere ya papaya kapena ya mango m'paketi yakutha ya shuga yoboola pansi, adzaoke yekha pamalo amene mwagwirizana, ndipo kuthirira kukhale kwake.

Akazolowera kuyenda, ndipo ndalama ya minibasi ikapezeka, talikitsani ulendo. A ku Blantyre ali ndi phiri la Michiru, a ku Zomba angakwere kukaona damu la Mulunguzi, a ku Lilongwe ali ndi Lilongwe Wildlife Centre m'kati mwenimweni mwa mzinda. Ku Mulanje, njira ya ku Likhubula yopita ku Dziwe la Nkhalamba ndi ya ana okulirapo, ndipo dziwelo ndi lakuya, madzi ake ozizira, agwireni padzanja. Funsiranitu za ndalama zolowera musananyamuke.

Kwa ana amene apakapo katondo ndi phulusa pa ng'ombe zawo, malo amene ndingasankhe ndi Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zithunzi zojambulidwa pamiyala, amene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zimatchulidwa kuti n'za Akafula, zoyera n'za Achewa. Malo odziwika ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Pitani nthawi ya chilimwe misewu ili youma, mutenge munthu wa komweko wokulondolerani, ndipo muwauziretu ana kuti pamwalapo sagwira, salembapo dzina, sathirapo madzi. Atengereni pepala ndi khala, akhale pansi ajambule chimene akuona.